Wanena Ndani?

Lolemba ndinawapatsa funso limodzi,
masokosi anga akadali chinyowere m'nsapato:
n'chifukwa chiyani Kanyama amamira chaka ndi chaka?
Mayankho ndiwafuna Lachisanu.

Lachisanu linafika.
Ana makumi asanu, mayankho atatu okha.
Ambiri anakopera tsamba limodzi la pafoni,
ngakhale chilembo cholakwika anachisenzera limodzi
ngati nsabwe m'msoko wa malaya a salaula.
Ena anandilembera za chigumula cha kutsidya kwa nyanja,
kumene nyumba zili ndi zipinda pansi pa nthaka.
Yotamu Miti analemba zimene amalume ake
anamva m'minibasi yochokera ku Soweto,
zoti kuli munthu kumtunda amatsegula madzi usiku.

Sindinakalipe.
Ndinatenga choko, n'kulemba pabolodi:
Wanena ndani?
Anali pati pamene zinkachitika?
Wazinena liti?
Ukamukhulupirira, adyapo chiyani?

Makompyuta tili nawo atatu, awiri ali mtulo,
magetsi amabwera ngati wangongole, mozemba,
bandulo yanga inathera pakati pa chiganizo.
Ndiye tinatuluka.

Tinayeza ndi rula mzere wamatope pakhoma la tchalitchi,
wa chaka chino, ndi wa chaka chatha wofufuma pansi pake.
Tinaima pa ngalande ndi bambo wa fosholo
amene amavuula mabotolo ndi matewera kuyambira m'bandakucha.
Anesi a kukiliniki anatipatsa mphindi zisanu
n'kutiuza miyezi imene mabenchi awo amadzaza.
Ndinati: lembani dzina, lembani tsiku.
Mawu a mwini ndi wilibala ya mwini,
ukabwereka uzinena kumene waitenga.
Safunsa anadya phula, inde,
koma wofunsa munthu mmodzi yekha
naye phula limamupeza.

Sabata yachitatu ndinaima kutsogolo kuti ndimange nkhani.
Ndinati gwero la zonsezi ndi zinyalala,
tatseka tokha ngalande zathu, basi.
Zaka zisanu ndi zitatu ndakhala ndikunena zomwezo,
ndipo makope akhala akundivomera.

Kumbuyo, pafupi ndi zenera lopanda galasi,
dzanja linakwera pang'onopang'ono.
Tionenji Daka, amene mawu ake ndinali ndisanawamve
chiyambire temu.
"Aphunzitsi, wanena ndani?"

Kalasi inati zii.
Wina anaseka, n'kumeza kuseka kwakeko.

Anaimirira ndi kope lofufuma ndi chinyezi.
Anati kwawo kulibe ngalande yoti itsekeke,
madzi salowera pakhomo, amatumphuka pansi pa bedi.
Anati amayi ake amaphwanya miyala m'mbali mwa msewu,
akakumba kufika m'mawondo khasu limalira,
pansi ponse ndi thanthwe.
Anatsegula buku la jogalafe lopanda chikuto
lomwe lakhala m'kabati mwanga chibwerereni ine,
n'kuloza ndi chala chokhala ndi fumbi loyera m'chikhadabo
ndime yonena za mwala ndi madzi okhala pafupi ndi nthaka.
"Amayi, buku, ndi mapazi anga.
Munati atatu akwana."

Choko chinandilemera.
Ndinafuna kunena kuti nthawi yatha,
koma belu silinandithandize.

Sindinafufute yankho langa, zinyalala zilipo ndithu,
tonse tinaziona pa fosholo paja.
Ndinangochotsa liwu loti basi
ndi m'mphepete mwa dzanja,
n'kulemba mzere wina pansi pake,
kenaka m'munsi mwenimweni, timalemba tating'ono
monga ndinawaphunzitsira:
Tionenji Daka ndi amayi ake,
ophwanya miyala, Kanyama, mwezi wa Febuluwale.

Madzulo ndikudumpha zithaphwi kupita kokwerera basi
ndinamva Yotamu kuseri kwa mpanda
akufunsa mnyamata wogulitsa mankhwala m'botolo la sobo,
amene amati amachiza matenda khumi ndi awiri.
Sindinamve yankho.
Mvula inali itayambanso.